Galu Wodikira pa Sitepe

Moni, owerenga okondedwa. Ndikuyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero, ndipo inunso zikomo pokhala nane kamphindi aka.

Patapita masiku asanu ndi anayi bambo awo ataikidwa m'manda, ana awiri anali kukangana pabwalo la woweta agalu. Mayi awo anali pabenchi, ndodo ili pamiyendo. Chithyokereni nyonga ankatsimphina, ndipo anawo anali atagwirizana kuti ngati sapezeka galu wowayenera, amayi atseke nyumba akakhale kwa mwana wamkazi. Amayiwo sankafuna kuchoka m'nyumba imene anakhalamo zaka makumi anayi.

"Galu ndi uyu," anatero mwana wamwamuna, yemwe anali makaniko, akuloza chigalu cha mtundu wa apolisi. "Wakuba akangomva liwu lake abwerera pachipata."

"Achimwene, chimenechi chikakoka chingwe kamodzi kokha, amayi tikawatola kumsewu," anayankha mlongo wake, amene anali namwino. "Tengani kaubweya aka."

"Kameneka ndi galu kapena chopukutira nsapato? Ngakhale mphaka akathamangitsa."

"Inu mukufuna galu wofanana nanu. Phokoso basi."

"Chakalamba ndi mwendo, ana inu, osati makutu," anatero amayi.

Woweta agalu, bambo waimvi, anali kuyang'anitsitsa amayiwo ndi ndodo yawo.

"Pepani, mayi. Amuna anu si aatali aja, okonda kung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi?"

"Ndi omwewo. Atisiya sabata yatha."

Bamboyo anavula chipewa. Kenaka anapita kuseri kwa makola, nabwera ndi galu wofiirira wa mtundu wosakanizika, wamakutu ogwa.

"Amuna anu anayamba kubwera kuno atangouzidwa za matenda awo. Anayesa agalu anga onse. Wa apolisiyo anawagwetsa, kaubweyako kanawakola miyendo. Anasankha uyu. Lachiwiri lililonse ankayenda naye pabwalo pano, akukoka mwendo wamanzere. Nditawafunsa ngati avulala anaseka, amvekere, 'Wangawu ndi wabwinobwino. Ndikuyenda ngati mayi a kunyumba, kuti galuyu azolowere.'"

Makaniko anayang'ana nsapato zake. Namwino anavula magalasi nayamba kuwapukuta, ngakhale analibe fumbi.

"Ankandiuza kuti akukawongola miyendo," anatero amayi. "Kani kuwongola kwake kunali kundiyerekeza pamaso pa agalu." Anaseka, misozi ikutsika. "Ambuye, munandipatsa munthu. Sindidandaula."

Anadzuka nalandira chingwe. Galuyo anawanunkhiza m'manja, naima kumanzere kwawo popanda womuuza. Anayamba kuyenda, amayi kutsimphina, iye kuchepetsa phazi, chingwe chili lende pakati pawo.

"Nanga chipinda ndinakukonzerani chija?" anafunsa namwino chapansipansi.

"Sungira alendo, mwanangu. Ine ndikupita kwanga."

Pachipata panali sitepe imodzi. Makaniko anatambasula dzanja kuti awagwire, koma mlongo wake anamukoka malaya. Galu anali ataima kale. Anadikira ndodo itsike, anadikira mwendo wodwala, anadikiranso winawo, kenaka anatsika nayenso.

Ambuye akudalitseni, owerenga, akusungeni polowa ndi potuluka, ndipo tsiku limene mwendo udzalema, asakusowetseni wokudikirani.