Kope la Aphunzitsi

"Ili lokha silikwera galimoto," adatero Petro, akupanira kopelo m'khwapa.

Tamanda adatula mpando umene adanyamula. Padali patapita masiku atatu chiikireni bambo ake, a Matthews, kumudzi ku Mitundu, ndipo banja lidabwerera ku Nathenje kudzatulutsa katundu m'nyumba ya sukulu, poti mphunzitsi wina ankaidikira kale. Panja dalaivala wa matola ankangoliza hutala ngati katundu amadzikweza yekha.

"Bambo aang'ono, kopelo ndi la bambo anga."

"Ndi la mkulu wanga. Waliwerenga iwe?"

Tamanda adali ataliwerenga. Idali nkhani ya mtsikana wotchedwa Ethel, amene malume ake enieni adamugwirira atauzidwa ndi sing'anga kuti akatero fodya wawo adzayenda malonda ku okushoni. A Matthews adailemba kale, nthawi ija munthu ankatha kusowa chifukwa cha pepala limodzi, naibisa pansi pa sutikesi. Zipani zitachuluka, manyuzipepala atadzaza m'misewu ya ku Lilongwe, adaitulutsa n'kuyamba kuikonza. Chifuwa chidawatenga asanaitumize kulikonse.

"Zinthu izi sizilembedwa," adapitiriza Petro, akuzungulira m'chipinda chopanda mipando. "Kudambwe amaimba zolaula, kuchinamwali amanena zawo, koma zimathera komweko. Pepala limapita paliponse. Anthu a ku Mitundu akamva za mlimi wa fodya, aganiza za ndani? Amalume a Gilibati ali panjapo, mkulu wa mpingo, mutu wonse mbuu. Tiwavule pagulu chifukwa cha nthano?"

"Dzina lawo mulibemo."

"Mudzi sufuna dzina, mwana iwe."

Petro adapisa m'thumba natulutsa machesi. Tamanda adapsa mtima. Manyazi a mtundu sadamukhudze n'komwe. Chidamuwawa n'chakuti ntchito yotsiriza ya bambo ake ipse ngati zinyalala za kuseri kwa nyumba.

"Bweretsa kuno, Petro."

Adali a Zipora, mlongo wa malemuwo, amene adakhala m'nyumba za a Matthews zaka makumi awiri ndi mphambu, osakwatiwa, wa mawu ochepa. Anthu adazolowera kuwadutsa ngati mtondo wa pakhonde. Adaima pakhomo la kukhitchini, mapoto ali m'manja.

"Achemwali, inu simudziwa kuwerenga. Simukudziwa zimene zili umu."

"Ndikuzidziwa. Dzina loti Ethel ndidasankha ndine."

Hutala idaliranso. Palibe adatembenuka.

"Achimwene adandichotsa kumudzi pa njinga iwe ukadali wa kabudula," adatero a Zipora, mawu ali phee. "Zaka khumi sadandifunse kanthu. Tsiku limene ndidanena ndekha, adalira ngati mwana, kenaka adapempha ngati angalembe. Tsamba lililonse ankandiwerengera. Ndikati apa ayi, ankang'amba pomwepo, osafunsa chifukwa."

Petro adayang'ana pawindo. A Gilibati adali atakhala kale kumpando wa kutsogolo kwa galimoto, chipewa pabondo, akupukuta mandala awo ndi kansalu. Petro adawayang'ana nthawi yaitali, kenaka adakhala pa katoni ya mabuku.

"Nanga ine bwanji sadandiuze?"

"Sinali nkhani yawo yoti akuuze."

Kopelo lidachoka m'khwapa lokha. A Zipora adaika mapoto pansi, napukuta manja pachitenje asanalilandire. Adalipereka kwa Tamanda.

"Koma azakhali, nkhaniyi sinathe," adatero mtsikanayo. "Yalekera pamene Ethel waima pamsewu, osadziwa kolowera."

"Tsegula tsamba lomaliza."

Tamanda adaliona kale tsambalo, nalidumpha poganiza kuti ndi lopanda kanthu. Tsopano adaona kamzere kamodzi pamwamba, kolembedwa ndi pensulo m'zilembo zowongoka za bambo ake. Adakawerenga mokweza: "Mapeto anene mwiniwake."

"Chaka chathunthu akhala akundidikira," adatero a Zipora. "Sadandifulumizepo ngakhale tsiku limodzi."

Adakhala pansi pasimenti, natambalitsa miyendo.

"Petro, kauze dalaivalayo azimitse injini. Ndipo amalume atsike, adzakhale pakhomo apa pomwe angamve. Tamanda, funa cholembera."