Zimene a Liness Sananene za Deliwe

Lachiwiri pa 14 May 2024, a Liness anakaniza a Orlanda chinthu, koyamba chiyambire ubwenzi wawo.

Anali pakhonde pa a Liness ku Mwanza boma, akusenda manachesi monga ankachitira ali atsikana, masiku omwe ankagulitsa zipatsozo kwa madalaivala a mathiraki pamalire. A Orlanda anayamba ndi nkhani yokoma: mwana wawo Sandro wapeza mbeta, Deliwe, telala wa kumsika. Ankhoswe akumana mu July.

"Koma safunsa anadya phula, mchemwali wanga," anatero a Orlanda. "Akuti mtsikanayu anapitako kukhoti ali mwana, ndipo womugwira dzanja munali inu."

Kuyambira 2012 mpaka 2019 a Liness ankagwira ntchito yongodzipereka. Bwalo la milandu ya ana linkawapatsa mwana woti azimuyendera, kumuperekeza kukhoti ndi kulemba zimene aona. Malipotiwo anatsala m'kabati yokhoma ku ofesi, ndipo iwo anasaina kuti sadzaulula. Deliweyo a Liness ankamukumbukira bwino: kamtsikana kovala juzi ya munthu wamkulu, kogwira chala chawo osasiya.

"Ana amene ndinayenda nawo ndi ambiri," anayankha. "Sinditchula ndi mmodzi yemwe."

"Pepala sindikulifuna ine. Mungondinong'oneza: anali wolakwa kapena wolakwiridwa?"

"Ndikayankha limenelo, ndiye kuti ndakuwerengerani pepala lonse."

"Iii! Umajisitireti munauyamba liti, inu amene tinkaba limodzi nzimbe za aneba athu a Gervasio?"

Anaseka onse, koma kuseka kwa a Orlanda kunatha msanga.

"Sandro ndi wanunso. Munamubereka kumsana."

A Liness anaika nachesi pansi.

"Mukukumbukira 1987? Munafika kuchokera ku Zobue mukuthawa nkhondo ya ku Mozambique, chitenje chimodzi, mapazi otupa. Mayi anga anakuyalirani mphasa pambali panga. Azimayi akabwera kudzafunsa zimene zinakuchitikirani panjira, mayi ankati chiyani?"

A Orlanda anayang'ana makoko omwe anali pamiyendo pawo.

"Ankati, 'Mwana wafika. Zapanjira ndi zake.'"

"Ine munadzandiuza nokha, nthawi yanu itakwana. Bambo a Sandro atakufunsirani, alongo awo anabwera kwa ine, funso lake lomweli. Anabwerera chimanjamanja."

Zimenezi a Orlanda sankazidziwa. Anadzuka, nakung'untha chitenje chawo, n'kumapita. Manachesi amene ankanyamula nthawi zonse anawasiya m'lichero.

Lachiwiri lotsatira sanabwere kudzacheza. Lachinayi a Liness anawaona kumsika, ataima pafupi ndi makina a Deliwe, manja atatambasula, mtsikanayo akuwayeza ndi tepi. Nsalu yatsopano inali pabenchi. Kaya ndi ya pachinkhoswe, mpaka lero palibe amene wawauza a Liness.