Mpando Wachitatu

Ernesto Kachingwe anali asanapondeko ngakhale ku Beira, koma pofika mwezi wa khumi chaka cha 1987 dziko la Mexico ankalidziwa ngati kuli manda a makolo ake. Ankadziwa hotela imene khonde lake lapenya kunyanja. Ankadziwa ora imene basi imanyamuka kupita ku mabwinja a anthu akale otchedwa Amaya, ndi masiku amene munthu ayenera kugona panjira kuti akafike. Ulendowo sunali wake. Iye anali mlembi chabe pa kaofesi kokumba zitsime mumzinda wa Tete, ndipo amene ankakonzekera tchuthi anali abwana ake, Enjinyero Rinaldi a ku Italiya, pamodzi ndi akazi awo Dona Paola. Ernesto ntchito yake inali kugogoda makina a teleksi, kufunsa malo m'ndege ndi m'mahotela, n'kudikira mayankho.

Abwanawo anali munthu wabwino, tisawanamizire. Ankangokhala ndi matenda amodzi, osatha kusangalala okha. M'mawa uliwonse ankayala kabuku ka zithunzi patebulo la Ernesto.

"Taonani, Ernesto! Mchenga uwu, woyera ngati ufa!"

Ernesto ankaona. Ankaona anthu onenepa bwino atagona chagada, akudziyanika dala padzuwa. Ku Tete, kumene mbuzi zimalimbirana mthunzi wa mlambe, munthu ukam'peza atagona padzuwa umayamba wafunsa ngati akupuma. Tsamba lina linali ndi phiri la miyala losanjidwa ndi manja a anthu, makwerero ake mpaka pamwamba.

"Unali mzinda waukulu," ankatero Enjinyero, maso akuwala. "Eni ake anachoka, nkhalango n'kumeza zonse. Tangoganizani!"

Panalibe choganiza. Kwawo kwa Ernesto ku Domwe, m'boma la Angónia, mabwinja analiko, atsopano, a chaka chatha chomwechi, udzu utamera kale m'khitchini ya malemu amayi ake. Kungoti palibe ankakwera ndege kukawaona. Koma izi ankazimeza, n'kuyankha kuti, "Zokongola, Sinyoro."

Kunyumba kwake ku Canongola kunali nkhani ina. Mkazi wake Ester anali ndi chotupa m'mimba ndipo ankataya magazi. Mayi amene kale ankasenza thumba la mbatata ya kachewere kuchokera pa lole mpaka mumsika osatula, tsopano ankapumira kawiri popita kuchimbudzi. Dokotala analemba kalata, nanena mosabisa: opaleshoni yake ndi ya ku Beira, ndipo isadutse masabata awiri kapena atatu. Pamsewu pankayenda koluna, mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali, masiku angapo a fumbi, mabomba okwirira ndi zigawenga. Dokotala anati ngakhale zigawenga zitawaleka, mayiyo pa lole sakafika. Ku ndege yaikulu, mayina a odikira anali atadzaza mapepala.

Panatsala kandege ka bungwe la zitsime, kamene kankabwera kamodzi pamwezi. Loweruka kankadzatenga Enjinyero ndi Dona Paola kupita nawo ku Beira, poyambira ulendo wawo wautali. Kumbuyo kwa woyendetsa kunali mipando itatu. Ernesto ankadziwa bwino, chifukwa ndi zala zake zomwe zinagogoda uthenga wakuti okwera ndi awiri.

Tsono wina anganene kuti, nanga chovuta n'chiyani, si kungopempha? Ameneyo sanakulire ku Angónia. Kumeneko munthu wamkulu sum'gwira pakhosi ndi pempho. Umaliika pansi pafupi ndi mapazi ake, n'kubwerera m'mbuyo, kuti alitole yekha. Akalitola, ulemu ndi wake. Akapanda kulitola, palibe wakanidwa ndipo palibe wakana, mawa mupatsanabe moni. Ernesto anaphunzitsidwa zimenezi asanaphunzire kuwerenga, ndipo ankazinyadira kuposa satifiketi yake yotayipa.

Lolemba anayamba. Abwana atam'funsa za kunyumba, sanayankhe kuti kuli bwino monga mwa masiku onse. Anayamba watsokomola, nati, "Tadzuka, Sinyoro, koma mayi a kunyumba ndiwo thupi likuwavutako pang'ono. Adokotala akuti mankhwala ake ali kutali, cha ku Beira uko."

"Pepani kwambiri," anatero Enjinyero, ndipo anamvadi chisoni. Anatsegula kabati, nam'patsa kabotolo ka mapilitsi a mutu. Kenaka anafunsa ngati hotela ya kunyanja ija yayankha.

Madzulo Ester anafunsa ali gone pamphasa, "Mwawauza, bambo a Celeste?"

"Ndawauza."

"Ati bwanji?"

"Akuganiza. Munthu wamkulu sayankha ngati mwana wa sukulu."

Lachiwiri anapita ndi nkhuku. Inali thadzi lomaliza pakhomopo, lija ankalisungira msuzi wa wodwala. Analipereka ndi manja awiri pakhomo pa ofesi, pamaso pa Dona Paola.

"Mayi a kunyumba atumiza kankhukuka, akuti mudye musananyamuke. Akanakhala ndi mphamvu akanabwera okha. Akuti odala ndi amene ali ndi mapiko."

Mawu amenewo kwawo ngakhale gonthi akanawamva. Dona Paola anaomba m'manja, nati anthu a kuno ndi opatsa zedi, ndipo analonjeza kudzam'tengera Ester mpango wa ku Mexico. Ernesto anathokoza mpangowo. Mkati mwake anadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lonselo anagwira ntchito ngati wogwidwa ndi mizimu. Anapeza kuti ndege ya ku Lisboa ikachedwa, abwana adzaphonya ya ku Mexico, ndipo anakonza. Anawapezera chipinda chapamwamba, anawasungitsira munthu wowatsogolera ku mabwinja. Ankati akauwongola bwino ulendowu, mzungu adzakhala ndi manyazi kum'siya chimanjamanja.

Lachitatu Ester anakomoka pobwera kosamba. Anansi anam'thira madzi mpaka anatsitsimuka, milomo itayera ngati phulusa. Ernesto anafika kuntchito mochedwa, nalowa kwa abwana ataganiza kuti lero afika pafupi kwambiri ndi mawu enieniwo.

"Sinyoro, ndimaonanso za kandege kaja. Mipando ndi itatu, okwera awiri. Mpando woyenda wopanda munthu, nyengo ngati ino, umamvetsa chisoni."

Enjinyero anaseka, nam'sisita paphewa. "Musadandaule, Ernesto, suyenda wopanda kanthu. Simunaone masutikesi a Paola!"

Ernesto anaseka nawo, chifukwa abwana akaseka umaseka. Anabwerera patebulo lake wopanda yankho. Komabe anadziuza kuti mzunguyo wamva, kungoti akufuna kum'dzidzimutsa Lachisanu ndi nkhani yabwino. Munthu akathedwa nzeru amakhulupirira zilizonse.

Lachinayi m'mawa, akuika pepala m'makina, chitseko chinatseguka osagogoda. Anali Madalena, mayi wosesa pa ofesipo, wamasiye wa ku Tsangano amene ankakhala ku Chimadzi. Ernesto sankam'werengera kwenikweni. Ankati ndi mayi wopanda mwambo, wolankhula ngati akuitana ng'ombe kutsidya. Madalena sanagwade, sanapereke moni, tsache lili m'manja. Anaima pamaso pa Enjinyero nalankhula Chipwitikizi chake chothyokathyoka.

"Patarau, mwana wanga Maria anaponda bomba lokwirira kumunda. Mwendo ukuwola. Dokotala akuti Beira, apo ayi afa. Ndege yanu ili ndi mpando. Ndipatseni."

Ernesto anachita manyazi m'malo mwake. Koma Enjinyero anadzuka pampando nkhope itasintha.

"Mayi, bwanji osanena kale? Ernesto, lembani msanga. Okwera atatu, ndi mwana wapamiyendo. Masutikesi ena atsala."

Basi. Nkhani imene iye anaizungulira masiku atatu, nkhuku n'kupita, inatha m'mawu osakwana makumi atatu. Madalena anatuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ernesto anayang'ana makina aja. Zala zinakana.

"Mwatani, Ernesto?"

Pamenepo mwambo wonse unam'thawa. Anaimirira, mawu n'kutuluka okha, osavala, ngati a Madalena.

"Mkazi wanga akufa, Sinyoro. Ali ndi chotupa, magazi akutha. Kalata ya dokotala ndi iyi, ndakhala nayo m'thumba sabata yonse. Mpando umenewo ndimaufuna ine."

Enjinyero anawerenga kalatayo kawiri. Anakhala pansi mwapang'onopang'ono.

"Mulungu wanga. Bwanji simunanene?"

"Ndinanena, Sinyoro. Katatu."

Mzunguyo anayesetsa, nazonso tisam'mane. Anakhala yekha pa teleksi, nagogoda ndi zala ziwiri, kufunsa ngati munthu wachinayi angagone pansi pakati pa mipando. Yankho linabwera masana: kandegeko n'kakang'ono, ndipo m'kutentha kwa Tete sikanganyamuke ndi katundu woposa pamenepo, mwana uja ndiye kale wawonjezera. Ulendo wina ndi wa mwezi wamawa. Enjinyero anati alembera anzake, afunsa kwa akuluakulu, mwina papezeka njira. Ernesto anangogwedeza mutu. Njira zonsezo anali ataziyenda kale ndi mapazi ake.

Mipando inali itatu, ndipo iwiri inali ya anthu opita kukagona pamchenga. Ernesto sananene. Anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana abwana ake. Ankadziwa kuposa wina aliyense kuti akaphonya kandege ka Loweruka, ya ku Maputo yapita, ya ku Lisboa yapita, hotela ndi mabwinja omwe, pakuti ndi iye amene anazilumikiza mosasiya mpata. Ankadziwanso kuti anthuwa akhala zaka ziwiri akumva mfuti, ndipo Dona Paola ankalira akamva chitseko chikumenyeka. Ulendo uno mzungu anamva bwino lomwe mawu osanenedwa. Khosi linafiira, anatsegula pakamwa, natsekanso. Kenaka anayang'ana pansi, nayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

Ernesto anatuluka. Kuseri kwa ofesi anapeza Madalena atagwada pa mpope, akutsuka makapu. Anaima pambali, nayamba monga anazolowera, ngakhale iye mwini ankanyansidwa ndi zimene ankachita.

"Mwaswera, mayi a Maria. Pepani ndi za mwana. Komatu ana ali ndi mwayi, thupi lawo limalimba, limatha kudikira. Osati ngati ife akuluakulu..."

"Ndamva, bambo a Celeste," anam'dula Madalena osatembenuka. "Musavutike kuzungulira. Ndinamva kalekale, tsiku la nkhuku lija. Ndinali pakhomo ndi tsache."

Madalena anapitiriza kutsuka makapu.

"Ndinati mpando ndi wa mayi aja, ndisalowerere. Ndinakudikirani Lachiwiri, ndinakudikirani Lachitatu. Ndinkati lero anena, lero anena. Dzulo ndafika kunyumba, mwendo wa Maria wayamba kununkha, ntchentche sizikuchoka." Anaika kapu pansi, namuyang'ana m'maso. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Ine ndatsekula. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndi yekhayo amene nkhondo yandisiyira. Musandipemphe, chifukwa ndikukanirani, ndipo tonse tichita manyazi."

Akanakonda mayiyo akanam'tukwana. Akanapeza pokwiyira. Koma Madalena ankalira, ndipo Ernesto anazindikira kuti mumzinda wonse wa Tete munthu mmodzi yekha amene anamva pempho lake, nalilemekeza masiku awiri athunthu mwana wake akuwola, anali mayi yemwe iye ankamuti wopanda mwambo. Anabwerera mkati, nakhala pa makina, nagogoda uthenga uja: okwera atatu, ndi mwana wapamiyendo.

Anaweruka dzuwa likadali lolasa. Njira ya ku Canongola anaiyenda ngati munthu wopita kukapereka uthenga wa maliro, akukonza mawu n'kuwataya. Atafika anapeza Ester atakhala tsonga pabedi, koyamba m'masiku ambiri. Anali atasamba, mnansi atam'luka tsitsi. Pambali pake panali kamtolo komanga ndi chitenje.

"Ndati ndikonzekeretu," anatero Ester akumwetulira mofooka. "Loweruka si kutali. Ayankha, bambo a Celeste?"

Ernesto anakhala pa mpando wa pakhomo. Anavula nsapato imodzi, naigwira m'manja. Tsiku limenelo anali ataphunzira kulankhula mosazungulira, koma pamaso pa mkazi wake phunzirolo linam'kanika.

"Kandege kake n'kakang'ono, mayi a Celeste," anatero. "Komanso akuti kutentha kwa kunoku, ndege zimavutika kunyamuka."

Ester anamuyang'ana. Iye anali mwana wa ku Domwe, sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anakoka kamtolo kaja, namasula mfundo yake ndi zala zowonda, natulutsa nsapato zake za kutchalitchi n'kuzikankhira pansi pa bedi.