Epuloni ya Mabatani Kutsogolo

Aliyense amene ankasoketsa kwa atelala a pakhonde la sitolo ya zitsulo ankadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, akakuuza kuti “bwerani mawa”, ndiye kuti nsalu yako sanaidule n’komwe. Chachiwiri, mawu oti zikomo sukanawamva pakamwa pawo, ngakhale utawatolera sizasi yogwa pansi. Choyambacho tisawanene nacho, ndi matenda a matelala onse. Chachiwirichi chinali ndi pomwe chinayambira.

Akazi awo atamwalira, anawasiyira kamtsikana kakang’ono, kozungulira nkhope, kosachoka pa malaya a bambo ake. Pachifukwa chimenechi ankakatchula kuti Kabatani. Miyezi yoyamba anthu oyandikana nawo anawachitira chifundo, uyu mbale ya chakudya, uyu sopo, uyu zovala zimene ana ake zinawathina. Atelala ankalandira ndi manja awiri, zikomo apa, zikomo apo, mpaka kukhosi kuuma. Ndiye tsiku lina kumpopi, mayi wina wa pakamwa posatseka anagwira diresi la Kabatani n’kuitana anzake.

“Taonani mmene lamukhalira! Linali la mwana wanga wachiwiri ili. Pakanapanda ife, mwana wa telala bwenzi akuyenda buno bwamuswe.”

Atelala anali kuseri kwa mpanda, ndipo anamva zonse, ndi kuseka komwe. Tsiku lomwelo anamuvula mwanayo diresi lija, anasonkhanitsa chilichonse chimene anapatsidwa n’kukabweza khomo ndi khomo. Atabwerako anamusokera madiresi a zidutswa za nsalu zotsala kwa makasitomala, kenako anamukhazika pa mwendo.

“Ife sitilandira kanthu kwa munthu. Ukalandira lero, mawa akuseka nacho. Wamva?”

“Ndamva, ababa.”

Anamvadi, ndipo anamva kuposa mmene bambo akewo ankaganizira.

Pakhonde la sitolo si malo a mwana. Pali simbi yamoto, masingano ogwera pansi, ndi malole otsitsa simenti akubwerera chambuyo. Akulu ake a malemu, amene Kabatani ankawatchula amayi aakulu, anakhala akunena kuti amutenge akakule ndi ana awo kutali ndithu, ulendo wa pa basi. Atelala akamva zimenezi mtima unkawawawa, chifukwa m’nyumba monse munatsala kamwana komweka koti n’kuyankhula nako. Yankho lawo linali limodzi: “Ali pasukulu, mlamu. Akuphunzira bwino.” Ankanena sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu, ya chipinda chimodzi, timipando ta pulasitiki ndi zenera loyang’ana kumsewu. Popanda sukulu imeneyi analibe chowakanira alamu awo.

Pasukulupo ana ankayamba tsiku ndi kupenta, ndipo aliyense ankavala epuloni ya zingwe zomanga kumsana. Aphunzitsi ankawaimika mozungulira chipinda, aliyense akuyang’ana msana wa mnzake. Umamanga wa kutsogolo kwako, wa kumbuyo akumanga iwe. Ukamaliza umatembenuka, n’kuthokoza amene wakumanga. Mfundo zake zinkatuluka zokhotakhota, zina zongopota, koma aphunzitsi sankakonza ngakhale imodzi.

Kumbuyo kwa Kabatani kunkaima kamnyamata kena kamene mphuno yake sinkauma chaka chonse, moti anzake ankangokatcha Chimfine. Sikankadandaula ndi dzinali. Kankangopukuta ndi mkono, n’kupitiriza zake.

Tsiku lina masana, atelala atabwera kudzatenga mwana, aphunzitsi anawaimitsa pageti.

“Bambo, mwana wanu sakulola kuti mnzake amumange epuloni. Akangokhudza zingwe, iye chigongono. Lero wamugwetsa pansi mnzakeyo.”

“Ndiye kuti vuto ndi zingwezo?”

“Si zingwe kwenikweni, koma...”

“Tandipatsani epuloniyo, madamu.”

Aphunzitsi anaipereka mokondwa, poganiza kuti bamboyo akukayeseza naye mwana kunyumba. Sankawadziwa matelala. Telala ukamuuza kuti mwana akuvutika ndi chovala, iye amamva kuti chovalacho chinasokedwa molakwika. Atafika pakhonde anakankhira pambali suti ya munthu amene anali atamuuza kale “mawa” kangapo, anatenga lezala n’kudula zingwe zija. Anatseka kumsana ndi chidutswa cha nsalu, anang’amba kutsogolo, n’kuika mabatani akuluakulu ofiira oti ngakhale zala za mwana zitha kumanga. Anawonjezera ndi kathumba koikamo burashi. Tinene zoona, inali ntchito yokongola.

M’mawa mwake aphunzitsi ataiona anagwira pakamwa. “Bambo, zingwe zija tinaziika kumbuyo dala!” Koma atelala anali atatembenuka kale, akuthamangira kukatsegula makina.

Masiku otsatira Kabatani ankabwera kunyumba ali nyadanyada.

“Ababa, lero ndamaliza woyamba. Enawo anali akulimbanabe ndi zingwe.”

“Wakumanga ndani?”

“Ndekha!”

“Ndiye mwana wanga ameneyo.”

Ankamusisita m’mutu, mtima uli m’malo. Chinthu chimodzi chokha chinkawadabwitsa pang’ono. Kale mwanayu ankabwera ndi nkhani za anzake, wakuti walira, wakuti wadya choko. Tsopano nkhani zake zonse zinali za iye mwini. Pogeti ana ena ankatuluka atagwirana manja, akukuwirana kuti tionana mawa, koma iye ankatuluka yekha, chikwama kumsana, osacheuka. Atelala ankati ndiko kukula kumeneko.

Tsiku lina uthenga unawapeza akusita kolala ya malaya: akufunidwa kusukulu msangamsanga. Anapeza ana ena atapita kale. Kabatani anali pakampando pakona, bondo litamatidwa pulasitala. Aphunzitsi anawalozera kampando kena, ndipo atelala anakhala, mawondo akufika pachifuwa.

“Anagwa pabwalo akuthamanga,” anatero aphunzitsi. “Ana onse anangomuyang’ana, chifukwa anazolowera kuti safuna munthu. Mmodzi yekha ndiye anapita kukamupatsa dzanja kuti adzuke, yemwe uja ankaima kumbuyo kwake. Mwana wanu wamuluma dzanjalo mpaka magazi.”

Atelala anayang’ana mwana wawo. Iye anawayang’ananso, osaopa, ngati munthu amene akudikira kuyamikiridwa.

“Mwina anamuputa,” anatero motsitsa mawu.

“Sanamupute. Ndinamufunsa mwana wanu chifukwa chake. Akuti ababa anati tisamalandire kanthu kwa munthu.” Aphunzitsi anapuma pang’ono. “Bambo, ine kumanga maepuloni onsewa ndekha sikungandivute. Koma mwana wa msinkhu uwu saphunzira kukhala ndi anthu pomuuza. Amaphunzira akapereka msana wake kwa mnzake, mnzakeyo n’kumuchitira kanthu, iye n’kuthokoza. Mawa akagwa, amadziwa kuti dzanja likubweralo si la mdani. Inu munamusokera epuloni yoti asafune munthu. Chiivalireni, saimanso pamzere. Anzake anatseka mpata wake, ndipo pa nthawi ya chakudya palibe amene amakhala naye.”

Akanakhala munthu wina, atelala akanamuyankha kuti aphunzitse ana ake. Koma apa anangoweramitsa mutu, aphunzitsi n’kupitiriza.

“Mayi ake a mwana wolumidwayo akwiya kwambiri, ndipo sindingawanene. Eni sukulu akuti tione mawa. Akakananso mnzake, musadzabwere nayenso. Pepani.”

Atelala anabwerera pakhonde ndi epuloni m’manja. Anachotsa mabatani ofiira aja limodzilimodzi, anatseka kutsogolo, anatsegula kumsana, n’kusoka zingwe zatsopano, zazitali bwino kuti mwana wosadziwa mfundo asavutike nazo. Imeneyi inali mbali yosavuta. Atamaliza anamuitana Kabatani, amene ankasewera ndi zidutswa pansi pa tebulo.

“Tamvera. Mawa mnzako akafuna kukumanga, umusiye akumange. Akamaliza utembenuke, unene kuti...” Anatsokomola. “Unene kuti zikomo.”

Mwanayo anawayang’anitsitsa, kenako anaseka.

“Mukundiyesa, ababa.”

“Sindikukuyesa.”

“Mukundiyesa! Ngati tsiku lija la switi.”

Zinali zoona. Kangapo konse atelala ankapempha kasitomala kuti amupatse mwanayo switi, iwo ali chete pamakina ngati sakuona. Akakana, ankamunyamula m’mwamba n’kumugulira switi ziwiri za iwo eni. Akatambasula dzanja, ankamulanda, osamuyankhula mpaka pofika kunyumba.

“Zija ndinalakwitsa, mwana wanga. Pano ndikunena zoona.”

“Eee, ababa,” anatero Kabatani, akumwetulira mochenjera. Anabwerera pansi pa tebulo.

Anamuuzanso akudya, anamuuzanso akumusambitsa. Nthawi zonse ankavomera, ndipo kumwetulira kuja sikunkachoka.

Nkhani yoipa siyenda pansi. M’mawa mwake, atelala akufika naye mwana pageti la sukulu, anapeza alamu awo ataima pomwepo, chikwama m’khwapa, fumbi la basi lidakali pa nsapato. Mayi wa kumpopi uja ndiye anali atawaimbira foni.

“Ndamva kuti mwana wa mng’ono wanga wasanduka galu woluma anthu,” anatero alamuwo mwanayo atalowa m’kalasi.

“Zatha zimenezo, mlamu. Ndayankhula naye.”

“Alamu, m’mera mpoyamba. Mwana ameneyu akufunika nyumba ya ana anzake, olimbirana naye sopo ndi bulangete. Inu mwayesetsa, palibe akutsutsa.”

“Mungoona nokha lero. Akachita bwino, mundisiyire.”

Onse awiri anakaima pazenera loyang’ana kumsewu.

M’katimo aphunzitsi anali akugawa maepuloni. Ana anathamangira pamzere wawo wozungulira, aliyense pamalo pake, ndipo mpata wa Kabatani panalibe. Iye anavala epuloni yake, anapapasa kutsogolo kufuna mabatani, sanawapeze. Anayesa kufikira kumsana, manja anamuperewera. Anangoima pakati pa chipinda, zingwe zili lendelende.

Aphunzitsi sanamuthandize, ndipo sanatume mwana aliyense. Mzere unamangana, unatembenuka, timawu ta zikomo tinamveka mpaka kunja. Ana anayamba kuthamangira mabotolo a penti, akumulambalala ngati mpando.

Atelala anagwira zitsulo za pazenera. Mumtima ankapempha, iwo amene anali atasiya kupempha, kuti mwana mmodzi yekha acheuke.

Amene anacheuka ndi Chimfine. Anaima kaye patali, dzanja lomangidwa bandeji atalibisa kumbuyo. Anapukuta mphuno ndi mkono, anayandikira pang’onopang’ono, akuyang’ana chigongono cha Kabatani. Anagwira chingwe chimodzi. Kabatani anauma thupi, koma sanamugunde. Chimfine anagwira chinacho. Ndi dzanja lopwetekalo ntchito inatenga nthawi, lilime lili panja, koma mapeto ake mfundo inamangika, yopendekera mbali imodzi. Kamnyamatako kanabwerera m’mbuyo pang’ono n’kuima, kudikira mawu amene aliyense m’chipindamo amanena.

Kabatani anatembenuka. Pakamwa pake panatseguka. Ndiye maso ake anadutsa pa phewa la mnzakeyo n’kupeza nkhope ya bambo ake pazenera.

Atelala anagwedeza mutu kuvomereza. Anagwedezanso mwamphamvu, milomo ikupanga mawuwo kuseri kwa galasi. Nena, mwana wanga. Nena.

Nkhope ya mwanayo inawala. Anali atazindikira tsopano: ababa abwera kudzaona ngati agwe m’mayeso. Anapinda mkono kumsana, anapeza nsonga ya chingwe chachitali chija n’kukoka. Mfundo inamasuka mosavuta. Anavula epuloni, anaiponya pa mapazi a Chimfine, kenako anayang’ana pazenera akumwetulira mano onse panja, kudikira kuti bambo ake amunyadire.

Chimfine sanalire. Anayang’ana epuloni ili pansipo, anakoka mamina, n’kupita kwa anzake. Aphunzitsi anatseka maso kanthawi, kenako anayang’ana atelala n’kupukusa mutu pang’ono.

Alamu aja anangokonza chikwama chawo m’khwapa. Atelala anaona kuti mwanayu sangawakhulupirire pa nkhani imeneyi, lero kapena mawa. Malinga iwo ali pafupi, adzakana dzanja lililonse kuti awasangalatse. Anamva chisoni chimene sanachimvepo chiikireni maliro a akazi awo.

Kabatani anali akumwetulirabe, akukweza dzanja kuti amuone bwino. Iwo anakweza lawo, chifukwa sakanatha kumusiya choncho.

“Mlamu,” anatero osachotsa maso pa mwanayo, “basi yanu imanyamuka nthawi yanji? Ndikamulongedzere zovala.”