Zingwe za Bokosi la Hector

Mbale ya supu inaphulikira pakhoma, pafupi penipeni ndi chithunzi cha ukwati, ndipo Senga Tannahill anatuluka m'khitchini akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha.

Pabalaza, bokosi la mwamuna wake Hector linali pa timiyendo tiwiri tamatabwa, losatseka. Pambali pake ana ake awiri, mazibambo a imvi m'ndevu, anali atagwirana pakhosi. Murdo, wamkulu, msilikali wopuma, anali ndi mbendera ya Britain m'dzanja, yoti afunditse bokosilo. Ewan, wamng'ono, woyendetsa basi, anali atakulunga pamkono ya buluu ya mtanda woyera, ya Scotland.

"Chinsanza chakocho sichikhudza bambo anga!" anakuwa Ewan.

"Mwaluza, iwe! Sunamve wailesi? Mwaluza! Pita ukalire ndi anzako kumsewu!"

Linali Lachisanu. Dzulo lake dziko linali litavota ngati Scotland adziimire payekha kapena akhalebe ndi Mangalande, ndipo a Ayi, okana kudziimira, anapambana a Inde. Kuno ku Greenock kusiyana kwake kunali kwa anthu osadzaza mabasi awiri, moti mumsewu wa Senga zenera lina Inde, lina Ayi, anthu opemphana shuga kuyambira kale osapatsananso moni. Hector yekha ndiye anazemba. Anagwa Lolemba pakhola la nkhunda zake, voti isanafike, n'kumusiyira mkazi wake zilombo ziwirizi.

Ewan anaponya chibakera, chinapeza mphuno. Murdo anamunyamula m'chiuno n'kumuwombetsa pa kabati yamagalasi. Makapu a tiyi amene Senga sanamwerepo chikwatiwire, kuwasungira alendo, anathera pansi. Onse awiri anagubudukira pa timiyendo tija. Bokosi linapendekeka, mutu wa Hector n'kugunda thabwa, gu!

Senga sanakuwe. Anatola chitsulo chosonkhezera moto n'kuyamba ndi wamkulu. Pamsana. Paphewa. Wamng'ono atadzutsa mutu kuti aseke, anachilandira pakhutu.

"Amayi! Mundipha!"

"Ndikuphadi! Dzenje lakumbidwa kale, mukwanamo atatu! Agalu inu! Imikani bokosilo!"

Analiimika, magazi akudontha pa kapeti. Senga anakhazika bwino mutu wa mwamuna wake papilo, kenako anatola mbendera zonse ziwiri n'kuziponya mu ndowa yamalasha.

"Bambo anali a Ayi," anatero Murdo, akutsina mphuno. "Lamulungu lililonse tikamapita kukamwa, ankavala baji yomwe ndinawapatsa. Ankati penshoni yawo asaiseweretse anyamata olota masana."

"Bodza, achimwene! Bodza lopanda manyazi, pamaso pa mtembo! Lachitatu lililonse kunkhunda ankavala yanga, ya Inde. Ankati a ku London anatseka madoko athu n'kutisiyira sitima zamabomba pakhomo."

"Nonse ndinu abodza," anatero Senga. "Ndinalamula kuti m'nyumba muno musalowe baji, ndipo bambo anu sanandiphwanyirepo lamulo. Mantha awo ndinkawadziwa ndine."

Anyamatawa sanakhalepo m'chipinda chimodzi chimenyanirane pa phwando la chaka chatsopano, pa nkhani yomweyi. Ndiye anagawana bambo awo ngati nyama: wina Lamulungu, wina Lachitatu. Kukumana kwawo koyamba kunali kumeneku.

Senga anatenga timakadi pashelefu. Anali atabwera nato m'mawa bambo Kerr, mkulu wa kampani yoika maliro. Kadi iliyonse inali ndi nambala ya chingwe, poti kwathu kuno bokosi limatsitsidwa ndi abale, aliyense chingwe chake, ndipo kumanda amaitana nambala mokweza, mudzi wonse ukumva. Choyamba, chakumutu, n'cha mwana wamkulu. Chachiwiri, chakumiyendo, n'cha womutsatira. Awiriwo amaima moyang'anizana, dzenje lili pakati.

"Murdo, kumutu. Ewan, kumiyendo."

"Kumutu iyeyu?" Ewan analavula magazi m'dzanja. "Munthu wagulitsa dziko dzulo lomweli, lero agwire mutu wa bambo anga?"

"Ine sindiyang'anizana ndi chitsiru ichi pamanda," anatero Murdo. "Akagwira iye, ine sindigwira."

"Ndiye usagwire, kapolo wa mfumukazi iwe!"

Murdo anamudumphiranso. Ulendo uno Senga analasa chitsulo pakati pawo, nsonga yake n'kung'amba malaya a Murdo. Timakadi tiwiri tinagwa pa magalasi oswekawo. Palibe anawerama.

"Tulukani," anatero. "Tulukani ndisanachite zoti apolisi abwere."

Wina anatulukira khomo lakumaso, wina lakuseri, zitseko zonse kumenyetsa.

Senga anagwada n'kuyamba kusesa. Ankadziwa chimene chichitike mawa. Bambo Kerr adzaitana nambala yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Kenako adzakodola anyamata awo a masuti akuda, adzukulu aganyu, anthu osadziwa n'komwe kuti Hector ankathira shuga wochuluka bwanji mu tiyi. Hector Tannahill, amene moyo wake wonse analuka zingwe kopangira sitima pamtsinje wa Clyde mpaka zala kupindika, atsitsidwe ndi alendo ana ake ali moyo! Azimayi a kutchalitchi adzayitafuna nkhaniyo mpaka Khirisimasi. Zoona? Dziko lomwe akulimbiranalo linabwera kudzasesa magalasi? Ndi Inde kapena Ayi amene ankadzuka kukamusisita Hector pamsana chifuwa chikamugwira? Asa!

Timakadi tija anatipukuta ndi apuloni n'kutiika pa chivundikiro cha bokosi, chimene chinali chotsamira khoma.

"Inunso," anauza mtembowo. "Kukhala chete ngati si ana anu. Moyo wonse chimodzimodzi. Ine ndizikalipa, inu muli kunkhunda."

M'mawa wa Loweruka kunja kunali mphepo yochokera kumtsinje, ija yolowa m'mafupa. Anabwera onse awiri, poti ngakhale galu amadziwa tsiku loika bambo ake. Murdo mphuno itatupa ngati mbatata, anaima pawindo. Ewan khutu lili ndi pulasitala, anaima pakhomo la khitchini. Bambo Kerr anayang'ana kabati yopanda magalasi, anayang'ana nkhope ziwirizo, n'kutsokomola.

"Mayi Tannahill, tisanatseke. Zingwe ziwiri zija, ndiuze anyamata anga?"

"Dikirani. Ndimukonze kaye."

Jekete la Hector linali litakwinyika paphewa chigwedezekere bokosi dzulo. Linali lakale lija laubweya, lomwe ankavala potuluka paliponse. Senga anali atalipereka kwa bambo Kerr osaliyang'ana n'komwe, poti suti Hector ankadana nayo. Analowetsa zala kunsi kwa kolala kuti ayiwongole.

"Mayo!"

Chinthu chinamubaya. Pachala panatuluka kadontho ka magazi. Anapinda kolala ya kumanzere. Kunsi kwake, kobisika bwinobwino, kunali kabaji ka buluu: Inde.

Ewan anachoka pakhomo ngati wakankhidwa. "Mwaona! Amayi, mwaona? Achimwene, bwerani mudzaone bodza lanu!"

Murdo anafika nkhope itachita mdima, chibakera chili chokunga kale. "Waikapo ndiwe. Walowa muno mbandakucha, mbava iwe."

"Ndikuswanso mphunoyo!"

"Khalani chete!" Senga anali asanachotse dzanja. Ankamudziwa mwamuna wake. Mtima unamuuza, ndipo anapinda kolala ya kumanja.

Kabaji kena. Ayi.

Bambo Kerr anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Tikangotuluka pageti," anatero Murdo pang'onopang'ono, "ankadzutsa kolala. Mbali imodzi. Ankati mphepo ikuwalowa khutu ili."

"Lakumanzere," anatero Ewan.

"Lakumanja."

Anayang'anana. Aka kanali koyamba chaka chino kuyang'anana popanda wina kukunga dzanja.

Senga anamuona Hector m'maganizo mwake, nkhalamba yopindika zala, itaima pageti, ikukumbukira kuti lero ndi lachingati isanadzutse kolala yoonetsa baji ya mwana wa tsikulo. Miyezi yonseyi. Kuvomera za penshoni Lamulungu, kutukwana London Lachitatu, kuti mwana aliyense abwerenso sabata yamawa. Ndipo pobwerera, kugoneka kolala asanagogode, kuopa mkazi wake.

"Mthirakuwiri inu," anauza mtembowo. "Wabodza wamkulu m'nyumba muno munali inu. Amantha inu."

Anafuna kumumenya pachifuwa. Dzanja linakwera, koma potsika linangokhala pamenepo, pa batani lapakati.

"Ndiye akanavota chiyani?" anafunsa Ewan.

"Ukawafunse kumanda, ngati ukupitako," anayankha Senga osatembenuka. "Bambo Kerr, itanani anyamata anu. Ana a munthuyu ali ndi dziko loti alisamale."

Kenako nsapato za Murdo zinalira pa kagalasi kotsalira pa kapeti. Anapita pa chivundikiro, anatenga timakadi tonse tiwiri. Anayang'ana yakeyo nthawi yaitali. Inayo anamutambasulira mng'ono wake, osamuyang'ana kumaso.

"Usakathamangitse," anatero. "Umayendetsa basi ngati wamisala. Ukatsitsa msanga miyendo, alowa choimirira."

"Inu musakagwetse mutu. Mwaugunditsa kale dzulo."

"Tinagunditsa tonse."

Ewan anailandira n'kuiika m'thumba lapamtima.

Bambo Kerr anayandikira. "Mayi, tichotse timabajito? Ena amafuna kusunga."

"Musakhudze."

Senga anayamwa magazi pachala chake. Kenako anawerama, anagwira kolala ya jekete mbali zonse ziwiri n'kuidzutsa mpaka m'makutu mwa Hector, timabaji tonse tiwiri tili poyera, kena uku, kena uku.

"Kumtunda kuja kuli mphepo," anamuuza. "Lero muvale zonse. Ndakulolani."

Anabwerera m'mbuyo, n'kugwedezera mutu bambo Kerr kuti atseke.