Chitsime cha a Kanyumbu

Ndinali kusefa madzi pakhonde pamene Febe, mkazi wa mlamu wanga, anafika akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Amake Tiya..." Anameza mawu. "Amake Kondwani, siyani izo. A khansala abwera ndi matumba a simenti. Akuti akutseka chitsime."

"Chitsime chiti?"

"Chawo chomwe chija."

Ndinayang'ana nsalu imene ndinakunga pakamwa pa ndowa. Nkhope ya a khansalawo, a Edward Kanyumbu, inali pakati penipeni, matope ali pamphumi, m'munsi mwake mawu aja: MAWU ANGA SASINTHA. Anatigawira pa kampeni, chaka chimene anatikumbira chitsime kumunsi kwa msika. Ndi nsalu yolimba, n'chifukwa chake ndimasefera.

Chaka chatha mayi Gertrude, alangizi a zaumoyo, ananena kuti zimbudzi zatsopano za pamsika zili kumtunda, ndipo mvula ikagwa zonyansa zimatsikira m'chitsime. A Kanyumbu anaitanitsa msonkhano pachitsime pomwepo. Anati mayiwo atumidwa ndi a chipani china. Anatunga kapu yodzaza, n'kumwa yonse tikuona, n'kunyambita milomo. Tinaimba nthungululu. Inenso ndinaimba, Tiyamike wanga atandigwira chala.

Mu Febuluwale Tiyamike anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Pofika masana maso anali atalowa. Bambo ake anamukweza panjinga n'kumakankha, ine ndikumuchirikiza kumbuyo. Mwanayo anatisiya tikuona denga la chipatala cha Kabudula. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchokera tsiku limenelo anthu amanditchula amake Kondwani, ngati winayo sindinabereke.

Ndipo ndimatungabe pachitsimepo. Musandiyang'ane choncho. Mjigo uli kusukulu, ola lathunthu kupita kokha, fodya akudikira kusoka, nkhuni zowiritsira madzi sizipezeka tsiku lililonse. Ndinkadziuza kuti palibe amene akudziwa chimene chinamupha. Koma Kondwani ndamuletsa kuyamwa mwezi wathawu. Tsopano akumwa za m'ndowa.

Ndinamubereka, tinapita.

Tinapeza anthu atazungulira chitsime, ndowa zili mbwee. A Kanyumbu anaima pambali pa matumba awiri a simenti, pepala lili m'manja. Anaoneka ochepa thupi kusiyana ndi pansalu.

"Madzi awa anawatumiza ku Lilongwe kukawayeza," anatero. "Yankho labwera Lachiwiri. Ndaliwerenga katatu. Mayi Gertrude ankanena zoona. Ine ndinalakwa."

"Bwana, mwaiwala kapu!" anakuwa Cosmas wa kabaza, amene amavala malaya a chipani china ngakhale pamaliro. "Wina awathamangire kapu, ali ndi ludzu!"

Anthu anaseka. Cosmas anapitiriza.

"Dzulo madzi abwino, lero madzi oipa. Mawa mutiuza kuti dzina lanu si Kanyumbu, eti?"

A Nellie, amene amatunga ndi chigubu chaching'ono chifukwa cha msana, anagogoda ndodo pansi. "Mwana wanga, miyendo iyi ikafike kusukulu? Unati chitsime ichi sichidzatsekedwa iwe uli moyo. Kodi wafa?"

"Ndipempha mjigo wina, amayi."

"Upempha. Ine ndizimwa pempho?"

Apo anthu sanasekenso, anayamba phokoso. Tcheyamani wa chipani chawo anawakokera a Kanyumbu pambali, koma amanong'ona ngati akuitana ng'ombe, tonse tinamva. "Bwana, chisankho chatsala miyezi itatu. Nenani kuti tionanso. Munthu wosinthasintha samuvotera."

Ndinaona a Kanyumbu akupinda pepala lija. Kamodzi. Kawiri. Anayang'ana ndowa zonse zija, n'kuyang'ana thumba la malaya awo.

Sindinabwere kudzayankhula. Ine pamsonkhano ndimakhala kumbuyo. Koma Kondwani anali akuyamwa chala pakhosi panga, ndipo ndinangomva mawu anga atuluka.

"A Kanyumbu, kapu ija munamwa, m'mimba munapweteka?"

Anthu anatembenuka. Ataona kuti ndine, ena anagwetsa nkhope.

"Ayi, mayi. Sindinamve kanthu. N'chifukwa chake ndinkakhulupirira."

"Munamwa mu Okutobala," anatero chapansipansi mayi Gertrude, amene anaima m'gulumo. "Mvula isanagwe."

"Kapu imodzi, mu Okutobala," ndinatero. "Wanga ankamwa tsiku lililonse, dzinja lonse. Ndinkamusefera pankhope panu."

Ndinapitiriza.

"Musaganize kuti ndabwera kudzakukhululukirani. Ndilibe nthawi. Munthu wosasintha mawu ndinamuvotera kale. Ndinamuimbira nthungululu pamalo pano. Mwana wanga ali kumanda, mawu anu ali bwinobwino, sanasinthe. Lero ndikufuna winayo, amene wawerenga pepala katatu. Mukalibweza m'thumba, mawa nditunga pano, chifukwa ndatopa, ndikudzidziwa. A Nellie atunga, Febe atunga. Tsekani tisamapaone."

Cosmas anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana. "Iwe Cosmas, wako wa miyezi isanu ndi iwiri uja akumwa kuti?"

A Kanyumbu anavula chipewa. "Amake Tiyamike..."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve miyezi inayi. Febe anandigwira pamkono.

"Amake Tiyamike, pepani."

"Pepani wanuyo sungani. Ng'ambani thumba."

Anapereka pepala kwa mayi Gertrude, lotambasula, kuti aliwerenge mokweza. Kenako anavula jekete, natenga fosholo. Tcheyamani anapukusa mutu n'kupita kukakhala m'galimoto. Madzi osakanizira simenti anatunga m'chitsime momwemo, ndowa zitatu, zomaliza.

A Nellie ananyamula chigubu chawo chopanda kanthu. "Voti yanga uiwale."

"Ndamva, amayi," anayankha a Kanyumbu, osasiya kusakaniza.

Sindinadikire kuti amalize. Ndinaona matabwa atayalidwa pakamwa pa chitsime, fosholo yoyamba itagwa, basi. Zikanatheka Okutobala uja. Simenti yake yomweyi, matumba awiri.

Kunyumba ndinapeza ndowa ili theka, madzi oyera ngati abwino. Ndinawakhuthulira kuseri kwa chigafa cha fodya. Nsalu ija ndinaimasula, ndinaifinya, n'kuipota nkhata. Nkhope inalowa m'kati, mawu aja sankawerengekanso.

"Madzi," anatero Kondwani kumsana.

"Dikira."

Dzuwa linali litapendeka kale, mbale za m'mawa zisanatsukidwe. Ndinatenga ndowa, nkhata m'kati mwake, n'kulowa njira ya kusukulu. Kutsogolo ndinaona a Nellie akuyenda pang'onopang'ono, akutukwana okha. Ndinawapeza pa mtengo wa mango, ndinawalandira chigubu.