Mtsikana Wotsegula Buku Chakumbuyo

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, Clara ankakolopa ndi kusita m'nyumba ya mabwana ake ku Kempton Park. Koma likafika Loweruka ankavala bulauzi yoyera n'kukhalanso mphunzitsi, monga ankachitira ku Balaka asanabwere ku Joni. Kalasi yake inali mu laibulale ya ku Etwatwa, kontena yobiriwira yokhala ndi mashelefu anayi, kuseri kwa sipaza, kagolosale ka m'mudzimo. Ana khumi ndi awiri ankabwera kudzaphunzira kuwerenga ndi kufufuza zinthu m'mabuku, ndipo Clara ankawanyadira kuposa malipiro ake onse.

Wakhumi ndi chitatu anali Ummi, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi yemwe anali atangofika kumene kuchokera ku Mangochi. Kusukulu anali atapondako pang'ono chabe, koma kumadirasa sankajomba. Kumeneko mabuku achiarabu amayambira mbali imene ife timati kumapeto, ndiye dzanja la Ummi linazolowera motero. Ukamupatsa buku lililonse, ankalitembenuza mwaulemu n'kulitsegula chakumbuyo.

Anzake ankafa nazo n'kuseka. Mtsogoleri wa chipongwecho anali Miracle, Mmalawi mnzake wobadwira konkuno ku Joni, wapakamwa ngati kondakitala.

"Haibo! Kwanuko mumayamba kuvala nsapato kenako masokosi?"

Choipa kwambiri n'chakuti tsiku lina Clara nayenso, atatopa, anamulanda Ummi buku n'kulitembenuza pamaso pa onse. "Iwe, buku sititsegula choncho!" Ana anagwa nako kuseka, ndipo Ummi sanatukulenso mutu mpaka poweruka.

Lachitatu lake, mayi ake a Ummi, a Tabu, omwe amagulitsa zitumbuwa pa renki ya matekisi, anamuimitsa Clara panjira.

"Aphunzitsi, mwanayu akungobwera akulira. Loweruka lino abweretse buku lanu lija, basi. Azindithandiza kuno."

Clara anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Ankadziwa kuti mwana akachoka chotere sabwereranso, ndipo amene anamukankhira pakhomo anali iye mwini. Nkhaniyi inamudya mumtima mpaka Lachisanu, pamene ankapukuta fumbi pa shelefu ya abwana. Buku lalikulu la mapu linamupulumuka n'kugwa pansi, ndipo linatseguka kumapeto, pamene pali mndandanda wa mayina onse a malo ndi masamba ake. Clara anakhala pansi ndi kansanza kake m'manja n'kuyamba kuseka yekha.

Loweruka Ummi anabwera ndi buku lobweza, mayi ake ataima pakhomo ndi beseni pamutu kumudikira.

"Mayi, tipatseniko mphindi khumi zokha," anapempha Clara.

Anatsitsa mabuku atatu a mapu amene laibulaleyo inali nawo. Limodzi anapatsa Miracle, lina mnyamata wina dzina lake William, lachitatu anaika patsogolo pa Ummi. Pabolodi analemba kuti Kisumu.

"Uwu ndi mzinda. Sindikuuzani kuti uli dziko liti. Aliyense aufune, mafoni m'matumba."

Miracle ananyambita chala n'kuyamba patsamba loyamba, phaphapha, mofulumira ngati akuthawa galu. William anasochera m'nyanja zikuluzikulu. Ummi anayang'ana buku lake. Kenako dzanja lake linachita zomwe linazolowera, linatembenuza buku lija n'kulitsegula chakumbuyo. Atazindikira, anadzidzimuka n'kuyang'ana Clara mwamantha.

Clara anagwedeza mutu. "Pitiriza, mwanangu. Ukuona chiyani?"

"Mayina... ambirimbiri."

"Andandalikidwa bwanji?"

Ummi anayendetsa chala. Zilembo ankazidziwa, ngakhale ankaziwerenga pang'onopang'ono. Chala chinadutsa A, chinalumpha masamba awiri, chinatsika pa K, n'kuima. Anawerenga nambala ya tsamba monong'ona, anatsegula pomwepo, ndipo anakweza dzanja koyamba chibwerere mu kontena muja.

"Uli ku Kenya, aphunzitsi. M'mbali mwa nyanja."

Apo n'kuti Miracle akadali ku Ulaya. "Eish, wabera ameneyu!"

"Sanabere," anatero Clara mwachimwemwe. "Chimene wapezachi chimatchedwa indekisi. Buku ngati ili, munthu wodziwa amaliyambira kumbuyo. Inuyo ndimati ndikuphunzitseni mwezi wamawa, koma mnzanuyu anabwera nalo kale dzanja lake. Ine ndinalakwa kumudzudzula, Ummi undikhululukire. Tsopano aliyense atembenuze buku, atsegule ngati Ummi."

Mabuku anatembenuzidwa. Miracle, mlomo uli tolotolo, anasendeza mpando wake. "Ndiye tandionetsa, wapanga bwanji?"

Ummi anabwerera ku mndandanda uja, anatsikira pa M, anatsegula tsamba lake, kenako ananyamula bukulo ndi manja awiri mpaka pakhomo.

"Amayi, onani. Mangochi ndi apa."

A Tabu sadziwa kuwerenga. Anatula beseni pansi, anapukuta chala pachitenje, n'kuchiika pa kadontho ka pamapu pamene mwana wawo ankaloza.

"Wapeza wekha, m'chibuku chonsechi?"

"Ndekha."

A Tabu anasenzanso beseni lawo n'kuyang'ana Clara.

"Aphunzitsi, buku wabweza lija mubwezereni, sanalimalize. Zitumbuwa ndigulitsa ndekha."